Mutu 14: Ulendo wa ku Gweru

Gweru ndi mzinda umene uli pakatikati pa dziko la Zimbabwe, ndipo ndiwo likulu la chigawo cha Midlands. Munthu wochokera ku Harare amayenda makilomita pafupifupi 275 kuti akafikeko, kudzera ku Norton, Chegutu, Kadoma ndi Kwekwe. Wochokera ku Bulawayo ulendo wake ndi wofupikirapo, makilomita pafupifupi 164. Apaulendo ambiri amangouonera pa zenera la basi mzindawu. Basi ikaima amagula nthochi ndi chakumwa, kenaka n'kupitirira. Komatu mwana wa sukulu amene angatsike ndi kuuyenda wapansi tsiku lathunthu angaphunzire zambiri, makamaka mwana amene makolo ake anachokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi pa njanji.

Ana opita ku Gweru m'miyezi ya Juni ndi Julaye ayenera kuvala majuzi okhuthala. Mzindawu uli pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,400 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mphepo ya m'mawa imalowa mpaka m'mafupa. Ayeneranso kutchera khutu, pakuti kumeneku n'kumene Chishona ndi Chindebele zimakumana. Pa msika munthu amatha kufunsa mtengo wa tomato m'chiyankhulo china n'kuyankhidwa m'china, malonda n'kutheka bwinobwino. Wotchera khutu kwambiri amamvanso Chichewa apa ndi apo.

Mzinda wobadwira mu msasa wa asilikali

Dzina la mzindawu linachokera ku mtsinje wa Gweru, umene madzi ake amakathira mu mtsinje wa Shangani. Amandebele ankatcha malowa iKwelo chifukwa cha magombe a mtsinjewo, amene anali otsetsereka kotero kuti wokatunga madzi ankachita kukwera pobwerera. Azungu atafika lilime linawakanika, ndipo analemba kuti Gwelo. Dzina limeneli ndilo linali pa mapu mpaka mu 1982, patapita zaka ziwiri dziko litalandira ufulu, pamene boma linalisintha kukhala Gweru.

Mabuku a nthawi ya atsamunda ankakonda kuyamba mbiri ya derali ndi kufika kwa Azungu, ngati kuti kale kunali thengo lokhalokha. Sizinali choncho. Kumwera chakumadzulo kwa Gweru kuli mabwinja a Naletale ndi Danangombe, kumene kuli malinga a miyala yosanjidwa mwaluso popanda dothi kapena simenti. Anawamanga ndi anthu a mafumu a Torwa ndi Rozvi, Mzungu asanalote n'komwe zomanga tauni kuno. Anthuwo ankaweta ng'ombe, kulima mapira, kusula chitsulo ndi kukumba golide.

Mu 1893 kampani ya Cecil John Rhodes, yotchedwa British South Africa Company, inathira nkhondo Lobengula, mfumu ya Amandebele. Amene anakonza nkhondoyo anali Leander Starr Jameson, dokotala amene Rhodes anamuika kuti aziyang'anira dziko m'malo mwa kampaniyo. Asilikali ake anadutsa m'dera lino popita ku Bulawayo, katundu wawo ali m'ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Pa 25 Okutobala anakumana ndi ankhondo a Lobengula pa mtsinje wa Shangani, ndipo pa 1 Novembala anakumananso pa Bembezi. Amandebele anali ambiri ndiponso olimba mtima, koma Azungu anali ndi mfuti ya Maxim, yolavula zipolopolo mazanamazana pa mphindi imodzi. Mkondo ndi chishango sizikanatha kulimbana ndi chida chotere. Ankhondo ochuluka anagwa asanayandikire n'komwe ngolo za adani awo.

Chaka chotsatira, mu 1894, Jameson anasankha malo a pafupi ndi mtsinje wa Gweru kuti pakhale msasa wa asilikali ndi mudzi wa Azungu. Malowo anamukomera chifukwa anali panjira ya pakati pa Bulawayo ndi Salisbury, umene lero ndi Harare, komanso anali pafupi ndi migodi yakale ya golide imene Azunguwo ankailakalaka. Dzina la Jameson si lachilendo kwa Achewa ndi Angoni. Tauni ya Chipata, kum'mawa kwa Zambia, inkatchedwa Fort Jameson mpaka dziko limenelo litalandira ufulu. Agogo ena amene anachokera kumeneko amatchulabe dzina lakalelo akamasimba za kwawo.

Mtendere wa mfuti sukhalitsa. Kampani inalanda ng'ombe ndi minda, inakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo apolisi ake ankagwira amuna m'midzi kuti akagwire ntchito mokakamizidwa. Pamwamba pa zimenezi kunagwa dzombe, chilala ndi mliri umene unapha ng'ombe zosawerengeka. Mu Marichi 1896 Amandebele anaukira, ndipo mu Juni Ashona nawonso anadzuka. Nkhondo imeneyi Amandebele amaitcha Umvukela, pamene Ashona amati Chimurenga choyamba. Azungu a m'migodi ndi m'masitolo a m'derali anathawira ku Gwelo, namanga linga lodzitetezera. Malinga otere ankawamanga pondandalika ngolo mozungulira, akazi ndi ana ali m'kati, amuna ali ndi mfuti m'mphepete. Asilikali ena atafika kuchokera kummwera, eni dziko anagonjetsedwa kachiwiri, midzi yambiri ndi nkhokwe zake zitatenthedwa.

Nsanja ya wotchi

Ulendo woyenda wapansi ndi bwino kuuyambira pakati pa tauni, pa mphambano pamene pali nsanja ya wotchi yotchedwa Boggie Clock Tower. Anaimangitsa ndi mayi Jeannie Boggie pokumbukira amuna awo, Major William Boggie, amene anali msilikali, mlimi ndi phungu wa nyumba ya malamulo ya Azungu. Phunguyu amakumbukiridwanso chifukwa cholimbikitsa zoti kukhale malo otetezerako nyama za kutchire, amene lero ndi Hwange National Park.

Pamenepa ana angayime ndi kuyang'ana kutakata kwa misewu ndi mmene inawongokera, ngati mizere ya m'kope la masamu. Angayang'anenso nyumba zakale za makonde aatali. Ndipo mphunzitsi wanzeru amawafunsa funso limodzi loti aliyense ayende nalo tsiku lonse: kodi anaumba njerwa za nsanjayi ndani? Anazinyamula ndani? Nsanjayi ikukumbutsa dzina la munthu mmodzi, koma manja amene anakumba maziko a tauni yonseyi anali ambirimbiri, ndipo pa zipilala za atsamunda mayina awo sapezekapo.

Njanji ndi alendo ochokera kumpoto

Kuchokera pa wotchi, si patali kufika ku siteshoni ya sitima. Njanji inafika ku Gwelo mu 1902, chaka chimene Bulawayo ndi Salisbury analumikizidwa. Sitima ndiyo inasandutsa msasa wa asilikali kukhala tauni ya malonda, pakuti katundu amene ngolo inkayenda naye masabata angapo tsopano ankafika tsiku limodzi kapena awiri. Pambuyo pake anayala njanji zina zopita ku Shurugwi ndi ku Masvingo. Kummwera kwa mzindawu kuli Dabuka, bwalo lalikulu kumene amalumikizirako ndi kulekanitsirako mabogi a katundu. Gwelo anakhala ndi khonsolo yakeyake mu 1914, ndipo mu 1971 anapatsidwa ulemu wotchedwa mzinda.

Migodi, mafamu ndi njanji zinkafuna antchito ambiri, ndipo eni ake ankafuna antchito otsika mtengo. Ashona ndi Amandebele amene anali ndi minda ndi ziweto sankafuna kukhala nthawi yaitali pa ntchito ya malipiro ochepa. Motero Azungu anayang'ana kumpoto. Ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, kunali msonkho wofuna ndalama koma ntchito zolipira bwino kunalibe, ndipo m'maesiteti ambiri munali thangata, ndiko kugwirira ntchito mwini malo pofuna kuti akulole kukhala pamalopo. Anyamata ndi abambo anayamba kutsikira kummwera m'magulumagulu. Oyambirira ankayenda wapansi masabata ambiri, kuwoloka Zambezi cha ku Tete, kugona m'tchire moto uli pakati poopa mikango. M'zaka za pambuyo pake kunabwera malole onyamula antchito kwaulere, amene anthu anangowatcha kuti Ulere. Ena ankalembedwa ndi mabungwe osaka antchito, ndipo ntchito yotere, imene munthu sankasankha kumene akupita kapena tsiku lochoka, inkatchedwa chibalo.

Wofika ankapatsidwa chitupa, malo ogona m'komboni ndi phoso la ufa, nyemba ndi mchere. M'malo ambiri malipiro ankawerengera pa tikiti: kapitawo ankachonga tsiku lililonse limene munthu wagwira ntchito, ndipo tikiti inkadzaza akakwana masiku 30. Tsiku lodwala silinkachongedwa. Ambiri anabwera ndi mtima wongopeza ndalama ya msonkho, bulangete ndi njinga, kenaka n'kubwerera. Ena anabwereradi. Ena anakwatira konkuno, ana n'kubadwa, zaka n'kupita, ndipo kumudzi anayamba kuwatcha matchona. Ana ambiri amene akuwerenga mutu uno ndi zidzukulu za anthu amenewa.

Antchitowa sanali ongogonjera chilichonse. Mu 1945 antchito achikuda a pa njanji ananyanyala ntchito, kuyambira ku Bulawayo mpaka kufalikira m'masiteshoni ena, pofuna malipiro abwino ndi nyumba zoyenera anthu. Mu 1948 kunyanyala kwina kunagwedeza matauni ambiri a dziko lino.

M'nyumba yosungiramo zinthu zakale za nkhondo

Malo amene ana amawakonda koposa ndi Zimbabwe Military Museum. Kumeneku kuli mizinga, akasinja, magalimoto ankhondo, mfuti za mitundumitundu, mayunifolomu a asilikali ndi apolisi, mamendulo ndi zithunzi. Kulinso ndege zakale zimene zinasiya kuuluka, monga Vampire, imene imadziwika msanga chifukwa ili ndi michira iwiri. Anyamata ndi atsikana omwe amafuna kuthamangira ku ndegezo, ndipo palibe cholakwa. Koma malamulo a malowa ayenera kutsatidwa: osakwera kapena kugwira chinthu popanda chilolezo, osalemba pa makoma, ndipo wofuna kujambula ayambe wapempha kwa woyang'anira.

Chida chikapakidwa penti n'kuikidwa pamalo osesedwa bwino chimaoneka chokongola, ndipo n'kosavuta kuiwala ntchito imene chinapangidwira. Chilichonse cha zida zimenezi chinapangidwa kuti chiphe munthu. N'chifukwa chake ndi bwino kuchedwa pang'ono pa zithunzi za anthu kusiyana ndi kungosirira zitsulo.

Asilikali achikuda anamenya nawo nkhondo za atsamunda kuyambira kale. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inachitika kuyambira 1914 mpaka 1918, boma linakhazikitsa gulu lotchedwa Rhodesia Native Regiment mu 1916. Gululi linakamenyana ndi Ajeremani m'dziko limene lero ndi Tanzania ndiponso kumpoto kwa Mozambique. Ambiri mwa amene analowa m'gululi sanali obadwira kuno. Anali alendo a m'migodi ndi m'mafamu, ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, amene anaona kuti malipiro a usilikali angapose a mumgodi. Nthawi yomweyo abale awo otsala ku Nyasaland ankalowa m'gulu la King's African Rifles, ndipo ena ambirimbiri ankagwidwa kuti akhale amtengatenga, onyamula chakudya ndi zipolopolo pamutu m'njira zopanda misewu. Amtengatenga ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, kunakhazikitsidwa gulu lina lotchedwa Rhodesian African Rifles mu 1940, ndipo linakamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za ku Burma. Akuluakulu a magulu onsewa anali Azungu okhaokha. Nkhondo itatha, asilikali achizungu anathandizidwa kupeza mafamu, pamene achikuda analandira ndalama zochepa n'kubwerera ku zitupa ndi kumakomboni. Pofuna kupeza malo a alimi achizungu atsopanowo, boma linasamutsa mabanja ambiri ku Rhodesdale, m'chigawo chomwechino cha Midlands, kumayambiriro a zaka za m'ma 1950, n'kukawatula ku Gokwe.

Nkhondo yachiwiriyo inasinthanso Gwelo weniweniyo. Dziko la Britain linkafuna malo ophunzitsirako oyendetsa ndege kutali ndi mabomba a adani, kumene thambo limakhala loyera masiku ambiri pa chaka. Dera la Gwelo, ndi zigwa zake zathyathyathya, linali loyenera kwambiri. Motero anatsegula mabwalo a ndege a Guinea Fowl mu 1940, kenaka Thornhill ndi Moffat mu 1941. Anyamata ochokera ku Britain, Australia, Greece ndi mayiko ena anadzaphunzira kuuluka kuno. Koma ndege siinyamuka pa ziputu ndi zulu. Panafunika kuzula mitengo, kusalaza nthaka ndi kumanga nyumba mwachangu, ndipo boma linalamula mafumu kuti apereke amuna okagwira ntchitoyo, afune asafune. Mu 1942 linakhazikitsa ngakhale lamulo lololeza kugwira anthu achikuda kuti akagwire ntchito mokakamizidwa m'mafamu a Azungu, ati pofuna chakudya cha nthawi ya nkhondo. Oteteza mabwalowo usiku ndi usana analinso achikuda, a gulu lotchedwa Rhodesian Air Askari Corps.

Bwalo la Guinea Fowl linadzasanduka sukulu, ndipo ndi sukulu mpaka lero. La Thornhill linakhalabe la nkhondo. Pa nkhondo yomenyera ufulu, ndege za mtundu wa Hunter za gulu limene linkakhala pa Thornhill zinali zina mwa ndege zimene zinaphulitsa msasa wa Chimoio ku Mozambique mu Novembala 1977, kumene kunafa omenyera ufulu ambiri pamodzi ndi amayi ndi ana. Lero bwaloli ndi la asilikali a m'mlengalenga a dziko la Zimbabwe, ndipo mu 2017 linapatsidwa dzina la Josiah Tungamirai. Alendo salowako mwachisawawa, ndipo kujambula malo a asilikali n'koletsedwa. Mumzinda womwewu mulinso Zimbabwe Military Academy, kumene amaphunzitsirako atsogoleri a asilikali.

Nsapato ndi chitsulo

Masana ndi nthawi yopita kudera la mafakitale. Mwana aliyense amene anavalapo nsapato za sukulu za Toughees akudziwa kale dzina la Bata. Kampaniyi inayambira m'tauni ya Zlín, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, ndipo anaiyambitsa ndi Tomáš Baťa pamodzi ndi abale ake mu 1894, chaka chomwecho chimene Gwelo anakhazikitsidwa. Inatsegula fakitale yake ku Gwelo mu 1939. Malowa anali oyenera chifukwa chigawo cha Midlands ndi dziko la ng'ombe, zikopa sizisowa, ndipo njanji inkatha kunyamula nsapato kupita mbali zonse.

Chikopa chisanasanduke nsapato chimadutsa m'manja ambiri. Chikasendedwa amachithira mchere kuti chisaole. Ku fakitale amachiviika m'madzi, n'kuchotsa ubweya ndi mankhwala a laimu, n'kupala mafuta ndi timinofu totsalira. Kenaka amachifufuta m'migolo ikuluikulu yozungulira momwe muli mankhwala ochilimbitsa ndi kuchifewetsa. Chikauma amachipaka mtundu. Pamenepo wina amadula zidutswa molingana ndi saizi, wina amasoka, wina amakoka chikopacho pa chikombole chooneka ngati phazi, wina amamata chapansi, ndipo wotsiriza amayang'anitsitsa ngati palibe polakwika. Agogo akale ankafufuta chikopa ndi manja, mafuta ndi makungwa a mitengo, ntchito yotenga masiku ambiri. Cholinga chake n'chimodzimodzi, kungoti makina amafulumira.

Fakitale ina yotchuka ndi Zimbabwe Alloys, imene kale inkatchedwa Rhodesian Alloys ndipo inamangidwa nkhondo yachiwiri itatha. Ntchito yake ndi kusungunula mwala wa chrome. Mwalawu ndi wakuda ndi wolemera, ndipo umakumbidwa ku Shurugwi, makilomita opitirira pang'ono 30 kuchokera ku Gweru, komanso m'zitunda za Great Dyke, zimene zinadutsa pakati pa dziko lino kwa makilomita oposa 500. Amauthira m'ng'anjo zamagetsi pamodzi ndi malasha, ndipo kutentha kwake kumapitirira madigiri 1,500. Malasha amachotsa mpweya umene unagwirana ndi chitsulo m'mwalamo, zonyansa zimayandama pamwamba, ndipo chotsala chimatuluka chikuyenda ngati phala lofiira. Chikazizira chimatchedwa ferrochrome. Chimenechi amachitumiza kunja, kumene amachisakaniza ndi chitsulo wamba kuti apange chitsulo chosachita dzimbiri. Supuni yonyezimira ya kunyumba, mpeni ndi zida za dokotala wa opaleshoni zili ndi chrome m'kati mwake. N'zochititsanso chidwi kuti mankhwala amene mafakitale ambiri amafufutira zikopa masiku ano amachokera ku mwala wa mtundu womwewu.

Ntchito ya mumgodi ndi ya pang'anjo inali yowawa: fumbi lolowa m'chifuwa, kutentha, ndi miyala yogwa mosachenjeza. Alendo ochokera kumpoto anaigwira kwambiri ntchito imeneyi, ndipo n'chifukwa chake m'matauni a migodi ngati Shurugwi gule wamkulu anazika mizu.

Mlendo woona mtima sangabise kuti dera la mafakitale silili monga linalili. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo makamaka pambuyo pa chaka cha 2000, mafakitale ambiri anachepetsa antchito ndipo ena anatseka. Magetsi ankathimathima, makina anakalamba, katundu wotsika mtengo wochokera kunja anadzaza m'masitolo. Pali machumuni amene satulutsanso utsi, ndi njanji zolowera m'mafakitale zimene zinamera udzu. Abambo ndi amayi amene ankadzuka ndi kulira kwa belu la fakitale tsopano ena amagulitsa malonda m'misewu, ena amakumba golide ndi chrome ndi mapiki, ena anawoloka Limpopo kupita ku South Africa, monga momwe makolo awo anawolokera Zambezi.

Ku Mtapa

Pa nthawi ya atsamunda munthu wakuda ankaloledwa kugwira ntchito m'tauni, koma osati kukhalamo. Lamulo la Land Apportionment Act la mu 1930 linagawa dziko motsata khungu, ndipo matauni anagwera mbali ya Azungu. Antchito anawamangira malokeshoni kunja kwa tauni. Mtapa ndi limodzi mwa malokeshoni akale kwambiri a Gweru. Ena ndi Mambo, Ascot ndi Senga, ndipo lalikulu koposa lero ndi Mkoba. Nyumba zakale za ku Mtapa ndi zing'onozing'ono ndi zothithikana, pakuti omanga ankaganizira mwamuna wobwera yekha kudzagwira ntchito, osati banja la ana asanu.

Ku Mtapa kuli holo imene ndi yofunika m'mbiri ya dziko lino. Mu Meyi 1964 chipani cha ZANU chinachitiramo msonkhano wake waukulu woyamba, ndipo chinasankha Ndabaningi Sithole kukhala mtsogoleri, Leopold Takawira wachiwiri wake, Herbert Chitepo wapampando ndi Robert Mugabe mlembi wamkulu. Chaka chomwecho boma linaletsa chipanichi, ndipo atsogoleri ambiri anamangidwa. Kunja kwa Gweru kuli ndende ya Whawha, kumene andale ambiri achikuda anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Motero mzinda umene unayamba ngati msasa wa olanda dziko unakhalanso malo amene ofuna kuliwombola anapanganirako.

Ufulu utabwera mu 1980, zidzukulu za alendo aja sizinapeze mpumulo nthawi yomweyo. Ambiri, ngakhale anabadwira kuno ndipo sanaonepo Malawi kapena Zambia, zitupa zawo zinkasonyeza kuti ndi alendo, ndipo ena ankachita manyazi kuyankhula Chichewa pagulu poopa kunyozedwa. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anasintha zinthu ziwiri. Anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno. Ananenanso kuti munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanakhazikitsidwe, kholo lake lili lochokera m'dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye akukhala konkuno, ndi nzika yobadwira.

Nanga mayina a anthu aja oumba njerwa, oyala njanji ndi osalaza mabwalo a ndege angapezeke kuti? Ena analembedwa m'mabuku a mipingo monga CCAP ndi Katolika, kapena amakumbukiridwa m'mizikiti ya m'malokeshoni. Ena ali m'mabuku a mabungwe a maliro, amene alendowo anawayambitsa kuti mnzawo womwalira kutali ndi kwawo asaikidwe ngati wopanda abale. Mlembi wa bungwe lotere ankalemba dzina la munthu, mudzi wake, mfumu yake ndi ndalama imene wasonkha mwezi uliwonse. Ena ali pa zitupa zakale, matikiti a ntchito ndi mamendulo amene agogo amasunga pansi pa sutikesi, atakulunga m'kansalu. Zinthu zimenezi satulutsira mwana wofunsa ali chiimire. Wofuna kuziona amayamba wakhala pansi, n'kupereka moni, n'kudikira kuti agogo amalize kumwa tiyi wawo.

Mawu ofunika kuwadziwa

Fotokozani tanthauzo la mawu awa monga agwiritsidwira ntchito m'nkhaniyi, kenaka pangani chiganizo ndi liwu lililonse: linga, mabwinja, thangata, chibalo, phoso, matchona, amtengatenga, kufufuta, ng'anjo, nzika.

Mafunso

1. Kodi dzina loti Gweru linachokera kuti, ndipo linalowa m'malo mwa dzina liti mu 1982?
2. N'chifukwa chiyani Jameson anasankha malo amenewa mu 1894?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene zinachititsa kuti eni dziko aukire mu 1896.
4. Fotokozani mmene malipiro a pa tikiti ankawerengedwera. Kodi munthu wodwala masiku anayi zinkamuthera bwanji?
5. Ndani anagwira ntchito yosalaza mabwalo a ndege a ku Gwelo, ndipo anapezeka bwanji pa ntchitoyo?
6. Longosolani ulendo wa mwala wa chrome kuchokera ku Shurugwi mpaka kukhala supuni.

Ntchito yokachita kunyumba

Pemphani agogo kapena munthu wina wachikulire wa kwanuko kuti akusimbireni za ntchito yoyamba imene iwo kapena makolo awo anagwira m'dziko muno. Funsani mwaulemu kumene anachokera, njira imene anadzera, mtundu wa ntchitoyo ndi malipiro ake. Lembani zimene mwamva m'ndime ziwiri, ndipo jambulani mapu osonyeza njirayo. Ngati akuonetsani chitupa, tikiti kapena mendulo, jambulani chithunzi chake m'kope mwanu, koma chinthucho muchisiye m'manja mwa eni ake.